Buluku la Che Bakari

Mukafika ku Mposa n'kufunsa za Lukiya Sufiyani, musayembekeze kuti akuuzani za makompyuta. Sanena kuti mayiyu ndiye anaphunzitsa makina kuona mliri usanakule, kapena kuti analumikiza tizipatala ta m'mbali mwa nyanja ya Chilwa ndi chipatala chachikulu popanda waya wa lamya. Amangoseka n'kunena kuti, "Aa, Abiti Sufiyani a buluku aja?" Ine zimandinyansa ndithu kuti ntchito ya moyo wonse ithere pa chovala chimodzi. Komabe sindiwadzudzula kwambiri, poti nkhani ya bulukuyo ndi imene imaonetsa bwino mtima wa munthuyo.

Lukiya anabadwa chaka chimene dziko linalandira ufulu. Bambo ake, Che Sufiyani, ankapalasa njinga kukagulitsa matemba ku Liwonde, ndipo anali ndi ana aakazi awiri, Sofia wamkulu ndi Lukiya womutsatira. Masiku amenewo Asilamu ambiri ankaziopa sukulu za mishoni. Ankati mwana amapita ali Hassani n'kubwerako ali Petulo. Che Sufiyani atakakamizidwa kwambiri anati alola mwana mmodzi yekha, kuti akatayika atayike mmodzi. Mwayiwo unali wa wamkulu, koma Sofia anaukana yekha.

"Mutu uli ndi uyu," anatero akuloza mng'ono wake. "Ine ndili ndi manja. Ndisiyeni ndizilima mpunga."

Kuyambira pamenepo Sofia ndiye ankasinja, kutunga madzi ndi kuchapa yunifolomu ya mng'ono wake. Lukiya zimenezi sanaziiwale, ngakhale kuti kuthokoza pakamwa sinali mbali yake. Anali mwana wamakani. Aphunzitsi akalakwitsa samu pabolodi, iye ankaimika dzanja osatsitsa mpaka akonze, ndipo zikoti zimene anadya chifukwa cha khalidwe limeneli sizinamuchiritse. Anasankhidwa kupita ku sekondale, kenako ku yunivesite ku Zomba kukaphunzira masamu.

Kumeneko ndi kumene anakumana ndi kompyuta. Inkasungidwa m'chipinda chozizira, ndipo anyamata ankaizinga ngati ntchentche pa bango loswa, mtsikana osapeza ndi poponda pomwe. Lukiya anaona kuti anyamatawo pali chinthu chimodzi chimene sangachiphonye, ndicho chakudya. Choncho belu la nkhomaliro likalira, iwo akuthamangira kodyera, iye ankalowa m'chipindamo n'kukhala pa makinawo ndi njala yake. Anawakonda pa chifukwa chimodzi. Makinawo sankadziwa kuti wowalamula ndi mkazi, Msilamu, mwana wa wogulitsa matemba. Ukawauza zolondola ankachita zolondola, ukawanamiza ankakubwezera bodza lako lomwelo mopanda manyazi. M'dziko limene munthu aliyense ankayamba wayang'ana kumbuyo asanayankhule, chinthu chotero chinali chosowa.

Atamaliza maphunziro, mabanki a ku Blantyre anamufuna. Iye anasankha chipatala china cha mishoni kufupi ndi Balaka, kwa fumbi ndi malambe. Bambo ake anagwira pakamwa, nati anzake akulowera kumene kuli magetsi, iye akubwerera kutchire. Pachipatalapo nawonso poyamba ankamuyesa wotayipa makalata, mpaka ena ankamutuma tiyi. Tiyiyo sanaphike ngakhale tsiku limodzi. Anakhala pansi n'kulemba pulogalamu yoti wodwala aliyense akabwera, kompyuta izisunga mudzi wake ndi matenda ake. Pasanapite nthawi makinawo anayamba kuonetsa zimene maso a munthu mmodzi sakanaona, monga kuti chikuku chayamba kukwera m'midzi yakuti, ndipo anthu a katemera ankathamangira komweko maliro asanayambe.

Vuto linali tizipatala ta kumidzi. Nkhani zake zinkabwera pa njinga mwezi ukatha, odwala ena ataikidwa kale m'manda. Lamya kunalibe. Apa Lukiya anatenga wailesi zotumizira mauthenga, n'kuika kabokosi pakati pa wailesi ndi kompyuta. Kabokosiko kankasandutsa zilembo kukhala phokoso longa la nyenje, phokosolo n'kuuluka mumlengalenga, ndipo kabokosi ka kutsidya kankalibwezanso kukhala zilembo. Chimene ankanyadira kwambiri chinali chakuti makinawo anawaphunzitsa liuma lake. Uthenga ukakanika kudutsa, sankautaya. Ankausunga n'kumayesabe, kuyesabe, mpaka a kutsidya avomere kuti alandira.

Mposa inali m'gulu la malo amene anaikako makinawa, ndi sola komanso batire la galimoto. Kuseri kwa kachipatala ka kumeneko anaimika mlongoti wachitsulo, wautali kuposa mitengo yonse yapamenepo, ndi eriyo pamwamba pake. Woyang'anira kachipatalako, a Ambrose, amene anthu ankangowatchula kuti adokotala, anaphunzira kutayipa ndi zala ziwiri.

Koma muzikumbukira kuti zinali zaka ziti. Kutsidya kwa nyanja, ku Mozambiki, kunali nkhondo. Chilichonse choyankhula ndi mphepo chinkakayikiridwa. Amishoni anali ndi chilolezo chonse cha boma, koma chilolezo sichitseka pakamwa pa anthu. Manong'onong'o anafala akuti mlongotiwo umayankhula ndi zigawenga, ndipo amene angaukhudze akapirikoni amutenga. Amene ankakhulupirira kwambiri zimenezi anali Che Bakari, mwamuna wa Sofia. Musawaseke msanga. Mkulu wawo anatengedwa chifukwa chomvera wailesi yakunja, ndipo anabwerako patapita zaka ali wosayankhula, manja akunjenjemera.

Mu Januwale wa 1991, Mposa inakhala chete. Mauthenga omaliza ankaonetsa kuti otsegula m'mimba akuchuluka, kenako zii. Lukiya anauza akuluakulu a chipatala, koma galimoto inali imodzi yokha, ndipo anati sangaitumize ulendo wautali chotero pa chikayiko chabe. Iye anangonyamula kachikwama ka zipangizo, basi mpaka ku Liwonde, matola mpaka ku Machinga, kotsalako njinga ndi miyendo. Mtsinje womaliza anawoloka madzi akulekeza m'chiuno, akukwerabe.

Fungo linamulonjera asanafike. Anthu anali gonegone pakhonde la kachipatalako ndi pansi pa mtengo wa mango, ena pa mikeka, ena padothi penipeni. A Ambrose anatuluka maso ali psuu ndi tulo.

"Ndi kolera, mayi," anatero chapansipansi. "Diripi inatha dzana. Mphepo ya mkuntho inadula waya pamwamba pa mlongoti. Ndinatuma munthu pa njinga, koma ayufi anamubweza panjira, akuti alibe khadi la chipani. Khadi anali nalo."

"Wawatuma ndani?"

"Che Jimu, apampando a chipani. Akuti akuluakulu akubwera kudzayendera mbewu, ndiye m'dera lawo mulibe kolera. Akuti anthu angodya mango ambiri."

Kenako a Ambrose anazengereza, n'kumugwira pamkono, kumutengera kumapeto kwa khonde. Pamenepo panagona Sofia. Lukiya sakanamuzindikira pakanapanda chitenje chimene anamugulira yekha ndi malipiro ake oyamba. Maso anali atalowa m'kati, milomo itauma, zala zitachita makwinya ngati za munthu amene wachapa tsiku lonse. Che Bakari anakhala pambali atagwira kapu ya madzi a mchere ndi shuga.

"Achemwali," Lukiya anaitana. "Achemwali, ndabwera."

Sofia anagwedeza milomo koma mawu sanatuluke.

"Chilichonse chimene akumwa akusanza," anatero a Ambrose. "Diripi ikapanda kufika mawa, sindikulonjezani kanthu."

Lukiya anachita mantha amene sanawamvepo chibadwire. Pamwamba pa manthawo panabwera mkwiyo, ndipo mkwiyowo ndi umene unamuimiritsa. Analowa m'kachipinda ka wailesi, n'kupeza batire lili ndi moto. Anatayipa uthenga wosazungulira: kuno kuli kolera, diripi yatha, anthu akufa, galimoto ifike pamtsinje tidzawolotsa pamutu. Analamula makinawo kuti atumize. Makinawo anayesa, anakanika, anayambanso, monga anawaphunzitsira. Chotsala chinali waya basi.

Anatuluka n'kuima pakati pa amuna amene ankadikirira odwala awo.

"Ndikufuna munthu mmodzi akwere mlongotiwu. Ndizimuuza chochita ndili pansi."

Amuna amene ankakwera migwalangwa, amuna amene ankalimbana ndi mafunde a Chilwa m'mabwato obooka, onse anapeza chinthu chofunika kuchiyang'ana pa zala za kumapazi kwawo. Wina anatsokomola. Wina anakumbukira kuti wasiya mbuzi kudambo.

"Alamu?"

Che Bakari sanadzutse mutu. "Alamu, ndili ndi ana. Akanditenga ine, mayi awo ali chonchi, atsala ndi yani?"

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Lukiya anakoleka kachikwama kake paphewa, anamanga chitenje mwamphamvu, n'kuyamba kukwera. Sanapite patali. Makwerero a mlongotiwo anali tizitsulo totalikirana, toyenera munthu wotambasula miyendo. Chitenje chinamumanga mawondo, mphepo inachiuzira, nsonga yake inakola pa kachitsulo, phazi linaterereka, ndipo anapezeka ali lende ndi manja okha. Azimayi anakuwa. Anatsika chigongono chikutuluka magazi.

Anayenda molunjika kwa mlamu wake.

"Alamu, ngati simukwera, vulani buluku."

"Mwati bwanji?"

"Mwamva. Bulukulo likufunika pamwamba apo. Ngati mwini wake sapita nalo, lipita ndi ine."

Achinyamata a lero sangamvetse kulemera kwa mawu amenewa. Nthawi imeneyo lamulo la dziko linkaletsa mkazi kuvala buluku pagulu. Sinali nkhani yongodzudzulidwa ndi anankungwi iyayi, unali mlandu wa kupolisi ndi kukhoti. Boma limene linkalephera kufikitsa diripi ku Mposa linali ndi nthawi yokwanira yoyeza kutalika kwa madiresi. Kuwonjezera apo, mwana wamkazi wa Chisilamu kuvala chovala cha mlamu wake pamaso pa mudzi wonse, chinali chinthu choti amayi ake akadakhala moyo akanakomoka nacho.

Che Bakari anayang'ana mkazi wawo, anayang'ana mlongoti, kenako anadzuka n'kulowa m'kachipinda kosungira mankhwala. Patapita kanthawi dzanja lokha linatuluka pachitseko litagwira buluku la khaki, la zigamba m'mawondo. Linali lokhalo limene anali nalo. Lukiya anawaponyera chitenje chake, anavala bulukulo kuseri kwa chitseko, analimanga m'chiuno ndi luzi, anapinda miyendo yake, n'kutuluka.

Mayi wina wachikulire anaphimba kumaso n'kunena kuti, "Asitafurulahi!" Lukiya sanayang'ane munthu. Anagwira chitsulo n'kuyamba kukwera, ndipo ulendo uno miyendo inamumvera.

Ali pakati, Che Jimu anatulukira ndi ayufi awo a malaya ofiira. Che Jimu sanali chilombo kuyambira kale. Anali mnzawo wa Che Sufiyani pa malonda a nsomba, ndipo Lukiya ali mwana ankamugulira zitumbuwa. Koma baji ya chipani itakhala pa jekete lawo, mantha anawalowa m'mafupa, ndipo munthu wamantha amene wapatsidwa mpando ndi woopsa kuposa munthu woipa.

"Mwana wa Sufiyani!" anakuwa. "Tsika msanga! Lamulo sukulidziwa?"

"Ndikulidziwa, Che Jimu," anayankha osaima. "Ngati mukufuna kundimanga, kwerani mudzandimangire kuno."

"Mutsitseni!" Che Jimu analamula anyamata awo.

Apa ndi pamene bodza linadya mwini wake. Ayufiwo ndi amene anakhala chaka chonse akuuza anthu kuti wokhudza mlongotiwo ndi mnzawo wa zigawenga. Tsopano ndani mwa iwo akanaugwira, anzake akuona, mawa n'kukamunenera? Anauzungulira, anakuwa, anaopseza ndi zibonga, koma palibe anaika chala pa chitsulocho.

Pamwamba mphepo inali ina. Mlongoti unkapita uku ndi uku, ndipo Lukiya atayang'ana pansi kamodzi, sanayang'anenso. Anakola mwendo umodzi pa chitsulo, n'kupeza pamene panaduka. Wayayo anali atadyeka ndi dzimbiri pamene amalumikizana ndi eriyo. Anamusenda ndi kampeni, anapala dzimbirilo mpaka mkuwa unawala, anapota nsonga ziwirizo, anafinya ndi pulayala, n'kukulunga ndi tepi. Magazi a pachigongono ankatsikira m'dzanja n'kumaterereketsa pulayalayo.

"Adokotala!" anafuula. "Kamvereni!"

A Ambrose anathamangira m'kachipinda kaja. Posakhalitsa mutu wawo unatulukira pawindo. "Chikulira! Chikutumiza!"

Ntchito inali itatha, koma Lukiya sanatsike. Ankadziwa kuti phazi lake likangoponda pansi amugwira, ndipo waya akadzamasukanso sipadzakhala wina wokwera. Anakumbatira chitsulocho n'kudikira. Dzuwa linamuwotcha, mitambo inasonkhana ku phiri la Chikala, miyendo inachita dzanzi. Che Jimu anatukwana mpaka mawu anasasa, kenako anayamba kuchonderera, akuti mwanawe ukundiphetsa. Iye sanasunthe.

Ndiye a Ambrose anatuluka akuthamanga, manja ali m'mwamba. "Ayankha! Alandira! Akuti galimoto ikunyamuka!"

Anatsika pang'onopang'ono. Ayufi anamugwira asanapume n'komwe. Anapempha kuti angomuona mkulu wake kamodzi, koma Che Jimu anatembenukira kumbali. Anamuyendetsa chomwecho, ali m'buluku la mlamu wake, kudutsa m'midzi kuti anthu aone, mpaka kukamupereka kupolisi.

M'chitokosi anakhalamo kupitirira sabata. Poyamba ankamuyesa wandale, ndiye sankalola munthu aliyense kumuona. Nkhani ya wailesi inagwa yokha amishoni ataonetsa chilolezo, ndipo galimoto ya mankhwala itapita poyera, panalibenso amene akanati kolera kulibe. Unatsala mlandu wa buluku. Koma za Sofia panalibe womuuza. Ankafunsa wapolisi aliyense wobweretsa chakudya, ndipo yankho linali limodzi, lakuti iwo sadziwa. Tsiku lina anamva apolisi awiri akucheza panja kuti ku Mposa anthu akuikidwa m'manda opanda ndi mwambo womwe. Kuyambira pamenepo chakudya chinamukanika. Ankangowerengera mumtima ulendo wa galimoto ija, matope a mumsewu, mtsinje wodzaza, n'kumaona milomo youma ija.

Woimira boma pa mlanduwo anabwera kudzamuona. Anali bambo wotopa, wosafuna zambiri.

"Mayi, nkhani yake ndi yaing'ono. Mukavomere, mupepese, munene kuti munasokonezeka mutu ndi matenda a m'bale wanu. Akuchenjezani n'kukumasulani tsiku lomwelo. Mukachita makani, ndi ndende."

Lukiya sanapepesepo munthu pa chinthu chimene sanalakwe. Koma liuma lili ndi malire ake. Ankafuna kutuluka, apite ku Mposa, akaone ngati kuli munthu kapena mulu wa dothi. Anavomera kuti apepesa.

Tsiku la mlandu khoti linadzaza, poti anthu ankafuna kuona mkazi wa buluku. Anamuimika m'bokosi atavala diresi lobwereka. Anayang'ana pansi, osafuna kuona nkhope za anthu. Wapolisi anafotokoza zimene zinachitika, kenako anatulutsa bulukulo m'pepala n'kulitambasula m'mwamba ngati umboni, zigamba zake zonse zili poyera, luzi lija likulendewerabe. Anthu anaseka. Woweruza anamenya patebulo.

"Lukiya Sufiyani, chovala ichi ukuchidziwa?"

Asanatsegule pakamwa, kumbuyo kwenikweni kunamveka mawu ofooka, osasa, koma osaopa.

"Bwana, pepani. Bulukulo ndi la kunyumba kwanga."

Mutu wa Lukiya unadzuka wokha. Pa benchi yomaliza, atatsamira khoma, atagwiriziza ndodo, panaima mayi wowonda ngati bango. Kuseri kwa dzanja lake kunali kachigamba koyera, pamene panalowa singano ya diripi.

"Ndinu yani, mayi?" anafunsa woweruza.

"Ndine Sofia, mkazi wa Che Bakari, mwini bulukulo. Ndabwera kudzalitenga. Amuna anga alibe lina. Chichokereni bulukulo akungobindikira m'nyumba ndi chitenje ngati namwali, ndi ku mapemphero a Ijuma komwe sakupita. Mukathana nalo mundipatse, ulendo ndi wautali."

Khoti lonse linaphulika ndi phwete, ndi wapolisi yemwe analephera kudzigwira. Lukiya yekha sanaseke. Anagwira thabwa la bokosilo ndi manja onse awiri, misozi ikuyenderera mpaka kukhosi, osaipukuta. Sofia anamuyang'ana n'kugwedeza mutu kamodzi, monga ankachitira pomuuza kuti fulumira, uchedwa kusukulu.

Phokoso litatha, woimira boma anatsokomola n'kumuyang'ana Lukiya momukumbutsa pangano lawo. Woweruza anawerama.

"Ndamva kuti uli ndi mawu opepesa. Ukudziwa chimene chikudikira ukapanda kutero. Yankhula."

Lukiya anapukuta kumaso ndi dzanja, n'kuimirira bwinobwino.

"Iyayi, bwana, ndilibe. Ndinavala, ndipo sindipepesa. Bulukulo apatseni eni ake. Koma achemwali, mukawauze alamu alichape ndipo asaliike patali. Mvula sinathe, ndipo waya uja ndinangomanga ndi tepi."